Kyuteksi ku Zala za a Matewere

Magetsi akazima kuno ku Bangwe timasonkhana pa mbaula, ndipo nkhani ya a Matewere siilephera kutuluka. Vuto lake aliyense amathiramo mchere wake. Ena amati anali mankhwala a bizinesi, ena amati shuga. Onse olankhulawo sanakwerepo ndege. Ine ndinakwera, ndipo mpando wanga unagundizana ndi wa mkazi wawo, ndiye ndilekeni ndiifotokoze mmene inayendera.

Mkazi wawoyo ndi Velonika. Mashopu athu a zovala ku Limbe ndi oyandikana, nyumba zathu zimangosiyana ndi mpanda wa bango. Ndi mnzanga, ndisaname. Koma pali anzako ena amene Mulungu anawakhuthulira zonse pakamodzi. Ine ndikavala diresi limaoneka ngati laphimba thumba la makala. Iye atavala thumba la makala lenilenilo, anthu angamufunse kuti wagula kuti. Ndiye mwamuna wakenso! A Matewere, mkulu wa mpingo, kalaliki pa kampani ina ku Makata, nsapato zoti ungadziyang'anirepo nkhope. Munthu wonyamulira mkazi wake chikwama pamsewu anthu akuona. Anga a Likaka ndikawapatsa chikwama amayamba afunsa ngati muli chakudya.

Chaka chimenecho tinagwirizana zokaoda katundu ku Thailand. Titafika ku Bangkok, madzulo alionse foni ya Velonika inkalira. "Wadya, mayi? Kukutentha? Usayende wekha." Ine a Likaka anandiimbira kamodzi, kufunsa komwe ndinabisa shuga.

Amene anatilandira ndi a Twaibu, bambo a ku Nkhotakota amene anakwatira komweko, ndipo amathandiza amalonda a kuno kupakira katundu. Ndi iwo amene ankatimasulira zonse, poti chizungu changa cha sitandade sikisi kumeneko chinali ngati ndikuyankhula ndi khoma.

Dziko lija ndi la Abuda, anthu aulemu, popereka moni amaphatikiza manja ngati akupemphera. Koma abale, mizimu amakhala nayo ngati anthu a lendi. Pakhomo lililonse, ngakhale pa banki, pali kanyumba pamwamba pa mzati, ngati khola la nkhunda koma kopaka golide. Pakhonde pake maluwa, nthochi, ndi Fanta yofiira yotsegula kale, kapaipi komwera kali momwemo.

"Ya ndani imeneyi?" ndinafunsa, ludzu litandigwira.

"Ya eni malo," anatero a Twaibu. "Musakhudze, mayi Likaka. Kuno chilichonse chimene mwapeza chili chokha chili ndi mwini wake."

Ku kachisi wina tinaona anthu amoyo, ovala bwino, ali pamzere kudikira kugona m'mabokosi a maliro. Amagona chagada, maluwa pachifuwa, wansembe wometa mpala n'kuwafunditsa nsalu, n'kuwaimbira, kenako amadzuka akumwetulira kuti tsoka latsala m'bokosimo. Ine ndinaima patali. Velonika anajambula chithunzi n'kutumizira mwamuna wake, iwo n'kuyankha kuti, "Usayerekeze kulowamo, ndingatsale ndi ndani?" Anandionetsa uthengawo kawiri.

Katundu wathu atachedwa, a Twaibu anati tiwaperekeze kumudzi kwa akazi awo, kutali ndithu, ulendo wa basi. Kunali minda ya mpunga ngati ku Karonga. Chimene chinandidabwitsa titangotsika ndi malaya ofiira. Pachipata cha nyumba iliyonse panapachikidwa malaya ofiira, mikono itatambasulidwa pa ndodo. Kenako tinapeza nkhalamba ina ikugulitsa nkhululu zokazinga, mwamuna wa ndevu zake, koma zala zonse kyuteksi wofiira piriwiri. Ndinaseka mpaka ndinagwira mtengo.

A Twaibu sanaseke. Anati m'mudzimo amuna angapo amphamvu zawo anagona bwinobwino osadzukanso. Anthu akumeneko amati pali mkazi wina amene anafa alibe mwamuna, ndipo amayenda kufunafuna wake pakati pa amuna ogona. Ndiye amuna amapaka kyuteksi n'kugona atavala nsalu za akazi awo, kuti iye akasuzumira aziyesa ndi akazi anzake, n'kupitirira. Malaya ofiirawo ndi omuuza kuti muno mulibe mwamuna.

"Nanga mkaziyo ndi wopusa?" anatero Velonika. "Ndevu zonsezi osaziona?"

"Amayang'ana zala," anatero a Twaibu.

Kumapeto kwa mudzi kunali chimtengo chachikulu, thunthu lake litamangidwa nsalu za mitundumitundu. M'nthambi zake munali madiresi. Osati masanza ayi, madiresi atsopano, pa mahang'ala, ena ali m'mapulasitiki ake. A Twaibu anati akazi a m'mudzimo amamugulira zovala mkazi uja kuti akhutire, awasiyire amuna awo. Atatero anatsogola, ngati munthu wosafuna kuima pamenepo.

Tsopano inu simugulitsa zovala, simungamvetse. Munthu wa malonda athu kuona katundu watsopano akunyowa ndi mvula, mtima umapweteka ngati waona mwana ali pamsewu. Ndipo panali diresi limodzi lobiriwira, lonyezimira ngati khosi la bakha, m'munsi mwake ulusi wagolide. Ndinayamba kuliona ndine. Izi ndimanena paliponse.

"Eee, likanandikwana," ndinatero.

"Asisi, inu limeneli lingathere pa ntchafu imodzi," anatero Velonika akuseka.

Mphepo kunalibe, masamba onse ali duu, koma diresi lija linkatembenuka pang'onopang'ono pa hang'ala yake mpaka linayang'ana kwa ife. Ine ndinathamangira a Twaibu. Velonika anati akumanga nsapato.

Mu basi pobwerera ndinaona kansonga kobiriwira katatulukira m'chikwama chake.

"Iwe Velonika!"

"Chete, asisi. Sindinabe. Ndasiyapo chitenje changa chija cha maluwa a chikasu, chimene anandigulira bambo. Tasinthana. Ndikungofuna telala akaone kasokedwe kake."

Kwathu kuno kusinthana si mlandu, ndiye ndinazisiya. Komanso ndinkaganiza kuti telala akaliona adzandisokera langa lalikulu.

Pa Chileka a Matewere anabwera kudzatichingamira, maluwa ali m'manja ngati mzungu. A Likaka anatumiza uthenga woti ndikwere nawo. A Matewere anakumbatira mkazi wawo, koma maso ali kumbuyo kwake.

"Mnzanu winayo akwera nafe?"

"Uti?"

Anayang'anayang'ana. "Ndimayesa mwatuluka atatu."

Tinaseka tonse. M'galimoto munkamveka fungo la maluwa osadziwika ndi la mtengo wonyowa, ine n'kumati ndi maluwa awo aja.

Kwa telala diresi silinapite. Velonika analivala Loweruka lotsatira ku ukwati wa mwana wa abusa. Abale, atalowa mu holo anthu anasiya kuyang'ana mkwatibwi. Linamukhala ngati anabadwa nalo. Ine nkhuku ya pa ukwatipo sinatsike kukhosi. A Matewere ankayenda pambuyo pake, koma ndinaona chinthu chimodzi, poti ine maso anga sagona: sankayang'ana nkhope ya mkazi wawo. Ankayang'ana diresilo.

Kuyambira pamenepo tinthu tinayamba. Chipeso cha Velonika chinasowa, n'kukapezeka pawindo. Mafuta ake odzola ankatha ngati akumwedwa. Agalu a m'dera lathu, amene amauwa ngakhale njinga, akafika pa geti lawo ankangolira chapansipansi n'kuwoloka msewu. Tsiku lina ku shopu Velonika anatulutsa kapepala, n'kukafunyulula pa tebulo langa. Munali tsitsi limodzi lakuda, lowongoka, lalitali kuposa mkono wanga.

"Ndalipeza pa pilo wa bambo," anatero.

Velonika nthawi imeneyo anali atameta. Ndinalitenga, ndinaliunika padzuwa. "Ili ndi wivi, ndipo ndi lodula. Kameneka si kamtsikana wamba."

Ndinene zoona, tsiku limenelo ndinagulitsa ndikuimba nyimbo. A Matewere a chikwama aja! Mkulu wa mpingo!

Patapita masiku ndinadwala malungo, osapita ku shopu. Masana dzuwa lili paliwombo ndinatuluka kukayanika zovala, n'kusuzumira pa mpata wa mpanda, monga munthu amachitira. Pawindo la chipinda chawo panali mkazi ataima, atandifulatira, atavala diresi lobiriwira lija. Tsitsi linafika m'chiuno. Ankalipesa pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba mpaka pansi, osafulumira, ngati munthu wa m'nyumba mwake. Ndinadikira kuti atembenuke ndimuone nkhope, ndidziwe ndi mwana wa ndani. Dzanja lake linaima m'mwamba. Anakhala choncho osagwedezeka, ngati wamva kuti wina akumuyang'ana. Pamenepo ndinabwerera m'nyumba chafutambuyo.

Koma nkhani ngati imeneyi siidikira malungo. Ndinamuimbira Velonika foni pompo.

Velonika anafika pa kabaza, nsapato zili m'manja, anatola mpini pakhonde. Chitseko chinali chokhoma ndi loko wake yemwe. M'nyumba munalibe munthu. Diresi linali mu wadiropu, mu pulasitiki yake. Anatuluka nkhope itatuwa.

"Asisi, ndi lofunda. Ngati munthu wangolivula kumene."

A Matewere nawo anasintha. Anasiya kumuimbira masana. Chikwama anasiya kunyamula. Ankaweruka molawirira, kudya pang'ono, dzuwa likangolowa ali pabedi, munthu amene kale ankakhala pakhonde ndi mkazi wake mpaka ife tonse titagona. Ndipo anayamba kubwera ndi botolo la Cheripulamu, munthu woti adokotala anamuletsa zotsekemera. Ankalitsegula n'kuliika pawindo. M'mawa linkapezeka lopanda kanthu.

Usiku wina ndinawamva kudzera pa mpanda.

"Ndi ndani? Mundiuze dzina lake basi!"

"Palibe munthu, mayi."

"Nanga mumamwetulira chiyani kutulo? Mumayankhula ndi ndani?"

"Ndimangolota minda ya mpunga."

Munthu woti sanapitepo ngakhale ku Karonga.

M'mawa mwake ndine ndinati tiwaimbire a Twaibu. Velonika anafotokoza zonse akulira, mpaka za diresi. Kumbali inayo tinamva akuyankhula ndi akazi awo m'chilankhulo chawo, mayiwo n'kukuwa.

"Mayi Matewere," anatero a Twaibu, "mukanangoba bwenzi zili bwino. Munasiyapo chiyani?"

"Chitenje."

"Chatsopano?"

"Ayi, chakale. Anandigulira bambo. Kukazizira ankachifunda iwowo kumapazi."

"Ndiye mwamupatsa fungo la mwamuna wanu, mwamulipiriranso ndege."

Anati diresi lisawotchedwe, libwerere pa mtengo wake. Mwamwayi mnzathu wina wa ku Limbe ankapita ku Bangkok kumapeto kwa mwezi. Velonika analikulunga mu katoni, n'kumata ndi tepi mbali zonse, n'kuiika pamwamba pa wadiropu. Koma kufikira tsikulo, anatero a Twaibu, bambowo apake kyuteksi, agone atavala chitenje, ndipo pa geti papachikidwe malaya ofiira.

Mmene anawagonjetsera mkulu wa mpingo uja sindidziwa, koma ndinamva kulira kwa Velonika mpaka pakati pa usiku. M'mawa pa geti panali jezi yofiira ya mpira. A Matewere anatuluka kupita ku ntchito manja ali m'matumba, kunja kukutentha.

Ndipo zinagwira. Cheripulamu anayamba kukhala osamwedwa mpaka nyerere zinadzazamo. Bambo aja anabwerera pakhonde. Lachinayi ndinawaona ndi maso anga atanyamula chikwama, dzanja atalikulunga ndi mpango ngati lavulala. Velonika anabwera ku shopu akuwala ngati wangokwatiwa kumene.

"Abwerera, asisi. Dzulo anandifunsa ngati ndadya."

Ndinati zikomo Ambuye. Ndinaterodi.

Chokhacho, usiku kunja kunkayenda chinthu. Sikunali kuponda kwa mapazi ayi. Kunali ngati nsalu ikukhuza bango, fwaa, fwaa, kuzungulira nyumba yawo, kuima pawindo lililonse. Kenako kamawu kakang'ono, ngati mwana wa mphaka, koma kotalika kuposa mpweya wa mphaka. Usiku wina chinadutsa mbali ya kwathu n'kuima pawindo lathu. A Likaka ankaliza mkonono ngati chigayo. Chinaima kanthawi, n'kubwerera.

Za kyuteksi ine ndinangouza aneba athu amayi a Chikondano okha, powakhulupirira, ndipo ndinawauza kuti asauze munthu. Koma mayi amene aja pakamwa pawo palibe chitseko. Pofika Loweruka Bangwe yense ankadziwa. Anyamata a kabaza akawaona a Matewere ankakuwa, "Asisi, tikupatseni lifiti?" Ku bawo amuna anzawo anawafunsa kuti lipisitiki ayamba liti.

Loweruka lomwelo madzulo Velonika anali ku chilangizo cha mwana wa mchemwali wake ku Chilomoni. Ine ndikuanula zovala ndinamva fungo la thina wochotsera penti. Ndinasuzumira. A Matewere anali atakhala pa mpando kuseri kwa nyumba, akupukuta zala ndi kansanza, chimodzichimodzi.

"Bambo Matewere! Mukutani?"

Sanadzidzimuke. "Mawa ndikugawa mgonero, mayi Likaka. Ndigawe ndi zala izi?"

"Ndiye mudzachotse m'mawa! Usiku umodzi wokhawu!"

Anapitiriza kupukuta. Chala chaching'ono anachipala ndi lezala mpaka chinayera. Kenako anayankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Sakundizindikira. Amangozungulira panja, akulira. Anachoka kutali, mayi Likaka."

"Ndani?"

Anamwetulira, n'kulowa m'nyumba. Podutsa pa geti ndinaona kuti jezi yofiira ija palibe.

Ndinamuimbira Velonika, foni yake inali yozima. Ndinamudikira pamsewu mpaka anatsika minibasi mdima utagwa, magetsi atazima. Nditamuuza anataya mbale ya keke imene ananyamula n'kuthamanga. Ine ndinalowa kwathu kukatenga botolo langa la kyuteksi, n'kumutsatira.

Chitseko cha kuchipinda chinali chokhoma mkati. Chikwatirane, anatero Velonika, bamboyo sanakhomepo chitseko chimenecho.

"Bambo, tsegulani. Ndine."

Anagogodanso.

"Bambo a Madalo, ndine mkazi wanu."

Tinatchera khutu. Mkatimo a Matewere ankayankhula motsitsa, mawu osamveka bwino, kenako kuseka, kuseka kwa mnyamata amene akufunsira. Ndipo pansi pa mawu awo pankamveka kena. Chipeso chikuyenda m'tsitsi lalitali.

Ndinati tikadzutse a Likaka athyole chitseko. Velonika anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

"Kuti Bangwe yense adzaone mwamuna wanga ali ndi mkazi wina pabedi langa? Kuti mawa muzikafotokoza ku Limbe? Pitani kwanu, asisi. Ndithana naye ndekha."

Mawu amenewo anandipweteka, poti ine si munthu wotero. Ndinasiya botolo pa tebulo n'kutuluka. Usiku wonse ndinkamumva kudzera pa mpanda, akugogoda, akunyengerera, akutukwana. Sankatukwana mwamuna wake. Ankatukwana winayo. "Tuluka, hule iwe! Kafune wako! Uyu ndi wanga, ndinamupeza alibe ndi nsapato zomwe!" Chakum'bandakucha mawu ake anatha.

Kutayera anabwera yekha kudzagogoda kwathu. A Likaka anatenga chitsulo n'kuthyola loko.

A Matewere anali chigonere chagada, atavala malaya awo oyera a mgonero, mabatani onse omanga, manja pachifuwa, zikhadabo zoyera mbee. Thupi linali litazizira kale. Pilo wa mbali ya Velonika anali wolowa pakati, ngati mutu wangochokapo. Pawindo panali botolo la Cheripulamu lopanda kanthu. Katoni ija inali pamwamba pa wadiropu, tepi yake yosadulidwa, koma a Likaka ataitsitsa inali yopepuka ngati mulibe kanthu, ndipo munalibedi.

Kumapazi kwa bedi kunali chitenje cha maluwa a chikasu, chopindidwa bwinobwino, chosuluka ndi dzuwa, chonyowa ngati chagona pa mvula. Kunja kuno mvula inali isanagwe miyezi.

Velonika anachiyang'ana, ine ndinachiyang'ana. Palibe anatchula mawu aja a mu basi oti tasinthana, koma tonse tinawamva.

Sanalire msanga. Anayandikira bedi, anawerama, n'kuyang'anitsitsa nkhope ya mwamuna wake nthawi yaitali. Bambo aja ankamwetulira. Osati kumwetulira kwa mtembo kumene timanamizana pa maliro kuti wagona mwamtendere. Kunali kumwetulira kwenikweni, mpaka m'makona a maso.

"Asisi, taonani," anatero ndi mawu osasa. "Zaka zonsezi ndawaphikira, ndawachapira, ndawaberekera. Ine sanandimwetulirepo choncho."

Achipatala anati ndi mtima. Chabwino, iwo anapita ku sukulu.

Velonika shopu akadali nayo, koma zobiriwira sagulitsa, ndipo ine amandipatsa moni wa pakamwa pokha. Maliro atatha anakana kuti chithunzi cha malemu chikhale pakhoma, akuti samufuna munthu amene anachoka ndi mkazi wina.

Ine ndiye a Likaka ndi anga, ngakhale chikwama sanyamula. Akagona ndimatenga tochi ndi kabotolo kanga n'kuwapaka zala za kumapazi. Sadziwa, poti mimba inawatchinga, mapazi awo anasiya kuwaona kalekale. Nthawi zina ndimakhumudwa ndikakumbuka kuti chinthu chija chinaima pawindo lathu n'kubwerera, kusonyeza kuti anga ngakhale mzimu sunawafune.

Koma sabata yatha, ndikuwafunditsa m'mawa, ndinapeza chala chachikulu chayera. Zinazo zonse zofiira, chokhacho chopalidwa bwinobwino, ngati wina amafuna kuona chimene chili pansi pake. Ndipo madzulo ake bambo anu aja, amene chikwatirane sanandigulirepo ngakhale switi, analowa m'nyumba akuimba mluzu, atanyamula botolo la Cheripulamu.

Sanandipatse ine.